Mwana wapweteka pa dzanja, adokotala amupanga sikani m'malo mwa X-ray. Kodi n'zokwanira?

Mayi wa ku Turffontein

Abale anga a kuno ku Joni, muli bwanji nonse? Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti pakati pathu pali ena odziwa zachipatala.

Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 9, anagwa Lachiwiri kusukulu akusewera mpira. Akuti mnzake anamutchera mwendo, iye n'kutsogoza chikhatho pansi poopa kumenyetsa nkhope. Pofika kunyumba dzanja lamanzere linali litatupa pang'ono pamalo povala wotchi. Zala zonse amagwedeza, koma akati atembenuze dzanja kapena anyamule kapu ya tiyi, misozi. Nditaliyerekeza ndi linzake, silinali lokhota.

Madzulo omwewo ndinapita naye kuchipatala. Adokotala ake, mayi wachitsikana ndithu, anamusindikiza kuyambira pachigongono kutsika mpaka ku zala, akumufunsa pamene pakuwawa kwambiri. Kenako anakoka makina a matayala, n'kumupaka mafuta ozizira aja, n'kumayendetsa kachipangizo pamwamba pa mkono, m'mbali ndi kunsi. Anandiitana kuti ndione pa sikirini. Panali mzere woyera wowongoka, koma pamalo amodzi unali ndi kachotupa. Anati fupa lapindika pamenepo koma silinaduke. Anamuveka chomangira cha malamba chomwe timatha kuvula posamba, anatipatsa Panado, n'kunena kuti avale masabata atatu ndipo mpira aiwale kaye. X-ray ayi, chikhakha ayi.

Ine sikani ndimaidziwa ya kusikelo, yoonera mwana m'mimba. Sindinamvepo kuti imaonanso mafupa. Bambo ake akukhulupirira kuti atichitira zachidule chifukwa ndife obwera, ndipo akufuna tichotse ndalama ya lendi tikamujambulitse kuchipatala cholipira. Apongozi anga ku Ntcheu nawonso sakugona, mavoisi pa WhatsApp ali mbwee: akuti fupa lopanda chikhakha limapola mokhota, ndiye timuthowe ndi madzi otentha ndipo munthu wamphamvu alikoke dzanjalo.

Chonde ndithandizeni. Sikani ingaonedi fupa lothyoka? Nanga ndisiye choncho kapena ndikamujambulitse? Mwanayu ndi wamanzere, dzanja limeneli ndi lomwe amalembera, n'chifukwa chake mtima wanga uli m'mwamba.

Mmisiri wa matailosi, Cosmo City

Pepani kwambiri achemwali ndi mwanayo. Ine ndili mbali ya alamu angawo, kamujambulitseni basi. Chithunzi cha X-ray umachigwira m'manja, umadzionera wekha.

Inenso sabata yatha ndinagwa pa makwerero tikumata bafa kunyumba ina ku Fourways, ndinafikira chikhatho chamanja. Anandijambula tsiku lomwelo, anati palibe chothyoka, ndangobinya. Mtima unakhala m'malo ndipo ntchito ndinayambiranso. Kukuwawabe ndithu m'munsi mwa chala chachikulu, makamaka ndikagwira galayinda kapena ndikamakanikiza tailosi, koma poti chithunzi chinatuluka bwino ndikudziwa kuti zitha zokha. Zokoka dzanjazo zokha musalole.

Wa zamafupa wa ku Zomba

Mayi, zikomo pofotokoza bwino chonchi, mwandipeputsira ntchito. Ndinagwira zamafupa pachipatala cha boma kumudzi ndisanabwere kuno, ndipo manja a ana otere ndawagwira ambiri. Mwana wanu sindinamuone, ndiye mawu omaliza ndi a adokotala amene anamugwira. Koma malinga ndi zomwe mwalemba, sanakuchitireni zachidule. Achita zinthu zodziwika ndiponso zoyesedwa.

Makina aja amatumiza phokoso losamveka ndi makutu, limalowa m'thupi n'kubwerera. Pa khungu ndi minofu limadutsa, koma likafika pa fupa limabwerera pafupifupi lonse, n'chifukwa chake kunja kwa fupa kumaoneka ngati mzere woyera uja munauona. Fupa labwino, mzere wake ndi wosalala. Likaduka, mzere umaduka kapena mbali ina imakwera kuposa inzake. Likapindika, pamaoneka kachotupa. Mu mkono, kuchokera pachigongono kufika pa dzanja, muli mafupa awiri: radius kumbali ya chala chachikulu, ndi ulna kumbali ya kachala kakang'ono. Pafupi ndi dzanja mafupawa ali pansi penipeni pa khungu, ndiye sikani imawaona bwino kwambiri. Woyeza amayang'ana fupa lililonse mbali zitatu, pamwamba, m'mbali ndi kunsi. Kuyendetsa kachipangizo kuzungulira mkono kuja kunali kumeneko.

Fupa la mwana ndi losiyana ndi lathu. Lili ngati nthambi yaiwisi: mukaikanikiza imakwinyika mbali imodzi osaduka, pamene youma imangoti thyo. Kukwinyika kumeneku madokotala amati buckle fracture, ndipo ndi kumene kumachitika kawirikawiri mwana akagwa motsogoza chikhatho. Fupa lotere silisuntha, chifukwa mbali inayo idakali yolumikizana. Palibe choti chiwongoledwe. Chomangiracho ntchito yake n'kuchepetsa ululu ndi kumukumbutsa mwana kuti asamale.

Muwauze bambo ake izi. Ku Queensland, m'dziko la Australia, anachita kafukufuku pa ana 270 a zaka 5 mpaka 15 amene anapweteka pamalo amenewa koma mkono sunakhote. Ena anayamba ndi sikani, ena ndi X-ray. Patatha masabata anayi, magulu onse awiri ankagwiritsa ntchito mkono mofanana. Zotsatira zake zinatuluka mu 2023 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Ndipo nkhani ya chikhakha, ku UK anayesa ana 965 a zaka 4 mpaka 15 okhala ndi fupa lokwinyika, ena anawapatsa bandeji wamba, ena chomangira cholimba. Ululu unali chimodzimodzi patsiku lachitatu. Izi zinasindikizidwa mu The Lancet mu 2022. Ana a ku Australia ndi ku UK amenewo sanawachitire zimenezi chifukwa choti ndi obwera. Apongozi anu akunena zomwe anaona m'nthawi yawo, ndipo ifenso kuchipatala tinkamanga chikhakha pafupifupi mwana aliyense, koma chikhakha pa fupa lotere chimangoonjezera kuyabwa, kununkha ndi ulendo wina wokachotsetsa.

Komabe sindikufuna wina awerenge izi n'kumati sikani yalowa m'malo mwa X-ray, ayi. Sikani imaona kunja kwa fupa kokha, mkati simaona. Imadaliranso kwambiri luso la woigwira. Mwachitsanzo, ana ali ndi malo okulira fupa pafupi ndi mfundo ya dzanja, pomwe padakali chicherewecherewe, ndipo pa sikirini pamaoneka ngati mpata. Wosazolowera akhoza kunena kuti pathyoka pomwe palibe vuto, kapena kuphonya kuthyoka kwenikweni kodutsa pamenepo. Ngakhale m'kafukufuku wa ku Australia uja, mwana amene sikani yaonetsa kuti fupa laduka ndithu ankamutumizabe ku X-ray. Ndipo mkono ukakhala wokhota moonekeratu, kapena pali bala pamalo othyokawo, kapena ululu uli pachigongono, palibe zokambirana, ndi X-ray basi. X-ray ya dzanja si yoopsanso ayi, cheza chake n'chochepa kwambiri. Phindu la sikani n'lakuti dokotala yemweyo amaona pomwepo ali ndi mwana, osakhala pamzere wina, ndipo m'malo opanda makina a X-ray imathandiza kwabasi. Ndimaganizira zipatala zing'onozing'ono za kwathu, kumene mayi amabereka mwana kumbuyo kukwera kabaza mtunda wautali kupita ku boma kuti akangomva zomwe kachipangizo kameneka kakanawauza pafupi.

Ndalama ya lendi isiyeni. Mwanayo muzimuyang'ana chonchi: ululu uzicheperachepera tsiku ndi tsiku, zala zikhale zofunda, za mtundu wake wa nthawi zonse, ndipo azizigwedeza. Mubwerere kuchipatala msanga ngati ululu ukukula m'malo mochepa, zala zachita dzanzi, zazizira kapena zatuwa, kutupa kukuwonjezereka, kapena mkono wayamba kuoneka wokhota. Pakatha sabata akulirabe ngati tsiku loyamba, pitaninso, ndipo pamenepo kupempha X-ray n'koyenera. Panado mupatseni motsatira mlingo umene anakulemberani. Kukoka dzanja kuja kukanizeni kwamtuwagalu, chifukwa kungadule fupa lomwe linangokwinyika. Kuthowa ndi madzi otentha masiku oyambirira kumaonjezera kutupa. Kuli bwino nsalu yozizira, ndi kugoneka dzanja pamwamba pa pilo.

Tsopano achimwene a ku Cosmo City. Kunena zoona, pa anthu awiri amene nkhani zawo zili pano, amene ndikudera nkhawa ndi inuyo.

Tambasulani chala chachikulu ngati mukuimitsa galimoto. M'munsi mwake, chakumbali kwa dzanja, paoneka kadzenje pakati pa mitsempha iwiri. Sindikizani pamenepo ndi chala cha dzanja linalo. Kenako gwirani chala chachikulucho n'kuchikankhira chakumkono. Ngati zikuwawa, mungakhale mutathyola kafupa kotchedwa scaphoid. Ndi kamodzi mwa timafupa 8 tating'ono tomwe tili pakati pa mkono ndi chikhatho, ndipo ndi kamene kamathyoka kawirikawiri mwa onsewo, makamaka kwa anyamata ndi abambo ogwa ngati mmene munagwera inu. Vuto lake n'lakuti mng'alu wake nthawi zina suoneka pa X-ray ya tsiku loyamba. Chithunzi chimatuluka choyera, munthu n'kuuzidwa kuti wabinya. N'chifukwa chake mwambo wachipatala ndi womanga dzanjalo ngati lathyoka, n'kujambulanso pakatha masiku 10 mpaka 14, pamene mng'alu umayamba kuonekera, kapena kujambula ndi makina oona mkati mwa thupi mozama, otchedwa MRI kapena CT, ngati alipo.

Kafupa kameneka n'kovuta chifukwa cha mmene magazi amalowera. Amalowa chakumapeto kwa ku zala n'kumabwerera chakumkono. Kakathyoka pakati, chidutswa cha kumkono chikhoza kusowa magazi, osalumikizana, mwinanso kufa. Munthu amapitiriza ntchito miyezi, kenako dzanja limauma, mphamvu yogwira imatha, nyamakazi n'kulowa adakali wamng'ono. Kakapezeka msanga, nthawi zambiri chikhakha cha masabata 6 kapena kupitirirapo chimakwanira. Kakachedwa, ndi opaleshoni yoika sikuluwu, mwinanso kutenga fupa kwina n'kudzaikapo. Sikani nthawi zina imaona mng'alu wa kafupa kameneka, koma kali kokhota ndipo mbali zina n'zobisika, ndiye sikani ikapanda kuona kanthu si umboni woti muli bwino. Galayinda isiyeni kaye, achimwene.

Mayi wamkulu wa ku Windsor East

Ana anga, ndaona ndiyankhepo poti inenso ndidadutsamo. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Chaka chatha ndidaterereka pa matailosi onyowa ndikukolopa, ndipo dzanja langa lidakhota moti aliyense woona ankatembenuza nkhope. Kwa ine sadachedwe n'kufunsa, adandijambula X-ray kutsogolo ndi m'mbali, adandibaya jakisoni wa dzanzi, anthu awiri n'kulikoka kulibwezera m'malo mwake, kenako kujambulanso kuti aone ngati lakhala bwino. Chikhakha ndidakhala nacho masabata 6. Kukoka kumeneko kudali kwa madokotala, ataona kaye chithunzi, osati kwa munthu wa pakhomo.

Mawu anga ndi awiri. Loyamba, mukapweteka dzanja vulani mphete nthawi yomweyo lisanatupe. Yanga ya ukwati adachita kuidula ndi kachitsulo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Lachiwiri ndi la amayi anzanga amene tidasiya kusamba: adokotala adandiuza kuti pa msinkhu wathu mafupa amayamba kufooka, ndipo kuthyoka dzanja pongogwa uli chiimire kumakhala chenjezo loti akuyeze mphamvu ya mafupa, lisanadzathyoke la m'chiuno.

Mwana wanga wa ku Turffontein, apongozi ako usawayankhe mokalipa. Kukhala kutali ndi mdzukulu wodwala n'kowawa. Uwajambulire kavidiyo mwanayo akugwedeza zala, aone okha.

Mayi wa ku Turffontein

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Bambo ake ndawawerengera zonse atabwera ku ntchito m'mawa uno. Sanayankhe zambiri, koma nkhani ya chipatala cholipira sanaitchulenso. Mwanayo lero wadya nsima ndi dzanja lamanja, zala zamanzere ndi zofunda ndipo kutupa kwayamba kuphwa. Kavidiyo ndatumiza ku Ntcheu monga mwanenera amayi.

Funso limodzi kwa achimwene a ku Zomba. Kafupa mwatchulako kandiopsa. Mwana wanganso sangakhale kuti anathyola komweko, sikani n'kuphonya? Komanso kusukulu akufunsa ngati angalembe mayeso sabata ya mawa.

Mmisiri wa matailosi, Cosmo City

Akulu, ndasindikiza pakadzenje paja. Ndalumpha. Kukankha chala nakonso kukuwawa mpaka m'kati. Koma ndinene chilungamo, ntchito yathu ndi ya tsiku ndi tsiku, ukapanda kupita palibe cholowa, ndipo kumudzi ana awiri akudikira fizi. Masabata 6 m'chikhakha ndidya chiyani? Komanso kuchipatala anandiuza kale kuti palibe chothyoka, ndikabwerera sakandibweza?

Wa zamafupa wa ku Zomba

Mayi, kwa mwana wa zaka 9 kafupa kameneka sikathyoka kawirikawiri, chifukwa mbali yaikulu idakali chicherewecherewe, ndipo mphamvu ya kugwa imathera pa radius, pomwe anapezapo kachotupa paja. Adokotala posindikiza mpaka ku zala ankafufuzanso zomwezo. Mukhoza kumusindikiza pang'onopang'ono pakadzenjepo nokha. Ngati akuti pakuwawa ndi pamtunda, povala wotchi, zikugwirizana ndi zomwe anapeza. Ngati walumpha pakadzenje penipeni, kawauzeni. Kulemba angathe ululu ukalola, atavala chomangira chake. Aphunzitsi muwapemphe kuti amupatse nthawi yopumira dzanja. Akadzavula chomangira, mpira ndi kukwera mitengo adikirebe masabata ena angapo.

Achimwene, nkhawa yanu ndikuimva, ndipo sindikuipeputsa. Koma manja amenewo ndiwo munda wanu. Masabata 6 kapena 8 a chaka chino ndi ochepa poyerekeza ndi dzanja lolephera kufinya chida muli ndi zaka 40. Ndipo mwina mukapita akapeza kuti kafupako n'kabwino, mwangobinyadi, n'kubwerera ku ntchito ndi mtima umodzi.

Bwererani komwe anakujambulani, chifukwa chithunzi choyamba chili kumeneko ndipo adzafuna kufananiza. Tengani khadi lanu. Musakangoti dzanja likuwawa. Kawauzeni tsiku lomwe munagwa, kuti munafikira chikhatho, kuti X-ray yoyamba sinaonetse kanthu koma pakadzenje ka m'munsi mwa chala chachikulu pakuwawabe mukasindikiza, ndipo mutchule dzina loti scaphoid. Dokotala kapena namwino aliyense wa ku ngozi akamva zimenezo adziwa chochita. Kafupaka kali ndi kajambulidwe kakekake, amatembenuza dzanja mbali zingapo, osati ziwiri zokha zija. Zikafuna akatswiri a mafupa adzakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke. Kufikira tsiku limenelo gulani chomangira chogwira dzanja ndi chala chachikulu ku famase, muzivala usana ndi usiku. Ngati mumasuta, siyani kaye, fodya amachedwetsa kulumikizana kwa mafupa, ndipo pa kafupa kosowa kale magazi aka ndiye zimanyanya.

Za ndalama, poti munagwa muli pa ntchito: dziko lino lili ndi lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito, lotchedwa COIDA, la chaka cha 1993. Ngati munalembedwa ndi kontilakita, bwanayo ali ndi udindo wokanena za ngoziyo, ndipo thumba la boma la Compensation Fund limathandiza pa zachipatala ndi gawo la malipiro pamene simukugwira ntchito. Ngati mumadzilemba nokha, zimakhala zina, koma kafunseni ku ofesi ya Labour yapafupi, kufunsa n'kwaulere. Auzeni abwana anu za ngoziyo polemba, ngakhale pa WhatsApp, kuti pakhale umboni wa tsiku, ndipo kuchipatala akalembe kuti munavulala pa ntchito. Amayi a ku Windsor East, inunso izi zikukukhudzani: kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu la dziko lino, Constitutional Court, cha mu November 2020, ogwira ntchito za m'nyumba nawonso ali m'lamulo limeneli. Ngati nkhani ya dzanja lanu sinakanenedwe, tengani mapepala a kuchipatala mukafunse msanga, chifukwa madandaulo otere ali ndi nthawi yake yoperekera.